Kusiyana kwa mau a masipika a mkati mwa TV ndi masipika apadera a m'nyumba

Wailesi ya kanema iriyonse imagulitsidwa iri ndi masipika ake a mkati, koma si onse amene amakhutira nao. Mabanja ambiri amene acotsa TV ija yakale ya msana waukulu ndi kugula yopyapyala yokoloweka ku cipupa amadandaula kuti zithunzi zakongola koma mau acepa mphamvu. Ng'oma sizigunda monga kale, ndipo acikulire a pa nyumba akulephera kutsatira bwino wowerenga nkhani ngakhale voliyumu itakwezedwa. Ena amafika poganiza kuti anagulitsidwa katundu woonongeka. Nthawi zambiri TV yoteroyo imakhala iribe vuto. Gwero la nkhaniyi liri m'kapangidwe kake ndiponso m'malamulo a cilengedwe amene palibe kampani ingawalumphe.

Mmene sipika imatulutsira mau

Mau ndi kunjenjemera kwa mpweya. Cinthu cikagwedezeka, monga cikopa ca ng'oma, cimakankha mpweya umene uli pafupi naco, ndipo kugwedezekako kumayenda mpaka kufika m'khutu pa liwiro la mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Kuculuka kwa kugwedezeka pa sekondi imodzi kumayezedwa ndi muyeso wochedwa hertz. Khutu la wacinyamata wa makutu abwino limamva kuyambira pa 20 hertz mpaka pa 20,000 hertz. Mau olemera a besi ali kumunsi kwa muyesowu, pamene mau okwera monga a mluzu ndi a nsabwe za ng'oma zacitsulo ali kumwamba.

Sipika imene iri m'TV, m'wailesi ndi m'basi ndi ya mtundu umodzi umene Chester Rice ndi Edward Kellogg a kampani ya General Electric ku America anaufotokoza m'caka ca 1925. Muli maginito, waya wopyapyala wokulungidwa, ndi kambale ka pepala kapena pulasitiki. Magetsi a nyimbo akadutsa m'waya uja, waya amakankhidwa ndi kukokedwa ndi maginito, ndipo kambale kamene kamamatiridwa ku wayayo kamapita kutsogolo ndi kumbuyo nkumakankha mpweya. Zaka 100 zapita koma maziko a cipangizoci sanasinthe.

Vuto la bokosi lopyapyala

Kuti sipika itulutse mau okwera sifunika kukankha mpweya wambiri. Besi ndiyo imafuna mpweya woculuka. Lamulo lake nlakuti mau akatsika ndi theka, kambale kayenera kuyenda mtunda woculuka kanai kuti mauwo amveke ndi mphamvu yofanana. Ngati kambale kayenda milimita imodzi potulutsa mau a 200 hertz, kayenera kuyenda mamilimita 4 pa 100 hertz, ndi mamilimita 16 pa 50 hertz. Kasipika kakang'ono ka mkati mwa TV sikangayende mtunda wotere. Njira ina yokankhira mpweya wambiri ndiyo kukulitsa kambale: sipika ya masentimita 20 m'mimba mwake iri ndi nkhope yaikulu kuwirikiza ka 16 poyerekeza ndi ya masentimita 5. Oumba ng'oma anadziwa zimenezi kalekale, pakuti ng'oma yogunda mozama imasemedwa ku mtengo waukulu, ndipo yolira mokwera imakhala yaing'ono.

Palinso nkhani ya bokosi lenileni. Kambale kakakankha mpweya kutsogolo, kumbuyo kwake kamaukoka. Ngati palibe cochinga, mpweya wa kutsogolo umangozungulira nkukadzaza kumbuyo, ndipo besi imafafanizika isanafike kwa womvera. Bokosi la sipika nchito yake ndi kulekanitsa mbali ziwirizi. Koma bokosi likacepa kwambiri, mpweya wotsekeredwa mkati umauma ngati mpira wopopedwa kwambiri, ndipo umaletsa kambale kuyenda momasuka. Akatswiri amati mwa zinthu zitatu izi, bokosi laling'ono, besi yozama ndi kusadya magetsi ambiri, wopanga masipika angapeze ziwiri zokha pa nthawi imodzi. Lamuloli limachedwa ndi dzina la Josef Anton Hofmann, mmodzi wa amene anayambitsa kampani ya masipika ya KLH ku America.

TV zakale zinali ndi mwai pa mfundo imeneyi, ngakhale kuti sizinapangidwe ndi colinga cimeneco. Cubu ca galasi cimene cinali kuonetsa zithunzi cinali kufuna bokosi lakuya, ndipo m'bokosimo munali kutsala malo okwanira sipika yokulirapo yoyang'ana kutsogolo, kumene kuli oonera. Ca kumapeto kwa caka ca 2007, TV za LCD zinayamba kugulidwa kwambiri pa dziko lonse kuposa za cubu, ndipo kucokera pamenepo makampani akhala akupikisana pa kupyapyala kwa TV ndi kucepetsa mkombero wozungulira galasi. Malo a sipika ndiwo anayamba kulandidwa. M'TV zambiri za masiku ano masipika ndi awiri ang'onoang'ono, kawirikawiri a mawati 10 kapena kucepera apo iriyonse, ndipo amayang'ana pansi kapena kumbuyo. Mau amayamba agunda pa thebulo kapena pa cipupa asanafike kwa womvera. Mau okwera ndiwo amataika kwambiri m'njira yotere cifukwa iwo amayenda molunjika ngati kuwala kwa toci, pamene besi imafalikira mbali zonse.

Opanga TV sanangokhala. Ambiri amagwiritsa nchito kompyuta ya mkati mwa TV kunyengerera khutu. Mau alionse a coimbira amakhala ndi mau ena okwera amene amatsagana nao, ndipo ubongo ukamva otsaganawo umadzazamo wokha mau a pansi amene palibe. Ndi cifukwa cake pa lamya za kale, zimene zinali kupititsa mau a pakati pa 300 ndi 3,400 hertz cabe, munthu anali kuzindikirabe liu lolemera la mwamuna ngakhale kuti maziko a liulo ali pansi pa 300 hertz. Njira imeneyi imathandiza, koma besi yake imamveka m'khutu mokha, sigunda m'cifuwa. Kampani ya Sony inayesa njira ina m'caka ca 2017 pa TV yake ya Bravia A1, imene galasi lake lenilenilo ndilo limagwedezeka nkutulutsa mau, komabe ngakhale pamenepo anaikanso sipika ina ya besi kumbuyo.

Amene amakonda kalindula angaone okha kukula kwa vutoli. Nyimbo za P.K. Chishala kapena za Amayenge zimatsamira pa gitala ya besi, ndipo nsambo yotsika kwambiri ya gitala yoteroyo imalira pa 41 hertz. Masipika ambiri a TV zopyapyala amakhala atafooka kale mau asanatsike kufika pa 100 hertz. Cimene cimatsala ndi liu la woimba ndi magitala ang'onoang'ono, koma msana wa nyimboyo palibe.

Kumva zimene anthu akulankhula

Kusowa kwa besi kumangocepetsa cisangalalo. Kulephera kumva zolankhula ndiye vuto lenileni, cifukwa kumam'mana munthu nkhani za dziko, zilengezo za maliro, za nyengo ndi za umoyo. Maziko a liu la mwamuna ali pakati pa 85 ndi 180 hertz, ndipo a mkazi ali pakati pa 165 ndi 255 hertz. Koma cimene cimasiyanitsa liu ndi linzake ndi timau tofooka ta pa milomo ndi pa mano, timene tambiri tiri pakati pa 2,000 ndi 4,000 hertz ndi kupitirira apo. Kusiyana kwa kuseka ndi kutseka, kapena kuponya ndi kuphonya, kuli m'timau timeneti. Munthu akamakalamba, mau okwera ndiwo amayamba kum'thawa. Conco agogo amene akhala kutali ndi TV yokhala ndi masipika oyang'ana kumbuyo amataya timau timeneti kawiri: koyamba m'cipupa, kaciwiri m'khutu mwao. Amamva kuti munthu akulankhula koma sagwira cimene akunena, ndipo kukweza voliyumu kumangoonjezera phokoso. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena m'lipoti lake la m'caka ca 2021 kuti anthu oposa 1.5 biliyoni ali ndi vuto lina lake la kumva. Iyi si nkhani ya mabanja owerengeka.

Mafilimu amaonjezera vutoli mwa njira yaoyao. Pamene TV inayamba kuulutsidwa ku Kitwe m'caka ca 1961, mau anali kuyenda m'njira imodzi yokha, ndipo okonza mapulogalamu anali kuwasakaniza poganizira sipika imodzi. Mafilimu ambiri a masiku ano amakonzedwa m'njira zisanu ndi imodzi zochedwa 5.1: kumanzere, kumanja, pakati, ziwiri za m'mbali kapena kumbuyo, ndi imodzi ya besi yokhayokha. Kampani ya Dolby, imene Ray Dolby anaiyambitsa ku London mu 1965, inabweretsa Dolby Digital m'nyumba zoonetsera mafilimu mu 1992, ndipo DTS inatsatira mu 1993 ndi filimu ya Jurassic Park. M'kakonzedwe kameneka zolankhula zambiri zimaikidwa m'njira ya pakati. TV ya masipika awiri imakakamizika kuthira njira zonsezi m'ziwiri, ndipo liu la wosewera limapikisana ndi nyimbo, mfuti ndi magalimoto m'kasipika kamodzi komweko. Kuonjezera apo, filimu imakonzedwa kuti kunong'ona kukhale kwa pansi kwambiri ndipo kuphulika kukhale kwa pamwamba kwambiri, zimene zimayenera holo yaikulu ya cete osati cipinda cocezera cimene ana akusewera ndipo mbale zikutsukidwa.

Si nthawi zonse pamene TV ndiyo yolakwa. Mu April 2014 BBC inalandira madandaulo oposa 2,000 pa sewero lake la Jamaica Inn, oonera akunena kuti sanali kumva zimene osewera anali kulankhula. Mau akaonongeka pojambula kapena posakaniza, palibe sipika ya mtengo uliwonse imene ingawakonze.

Zimene masipika apadera amaonjezera

Masipika apadera amapambana pa zifukwa zitatu zosavuta: ali ndi malo okwanira, amayang'ana kwa womvera, ndipo amagawana nchito. M'bokosi limodzi mumakhala sipika yaikulu ya mau a pansi ndi ina yaing'ono ya mau okwera, iriyonse ikucita cimene imatha.

Soundbar ndi bokosi lalitali limene limaikidwa pansi pa TV. Ubwino wake waukulu ndi wakuti limalozetsa mau kutsogolo ndipo silifuna nthambo zambiri. Ma soundbar ochedwa 2.1 amabwera ndi subwoofer, bokosi la besi yokhayokha, pamene a 3.1 ali ndi sipika ya pakati ya zolankhula. Kwa banja limene vuto lake ndi kumva nkhani ndi masewero, sipika ya pakatiyo ndi yofunika kuposa besi. Koma soundbar yochipa kwambiri, yopyapyala ngati ndodo, ingakhale ndi timasipika tofanana ndi ta m'TV momwemo, ndipo phindu lake limangokhala lakuti tayang'ana kutsogolo.

Masipika awiri a stereo okhala ndi ampulifaya ndiwo amene ambiri amawaiwala, ngakhale kuti m'nyumba zambiri muli kale wailesi yaikulu ya makaseti kapena ya ma CD imene yangokhala pa kabati. Njira ya stereo inalembetsedwa ndi Alan Blumlein wa kampani ya EMI ku Britain m'caka ca 1931. Kuti imveke bwino, masipika awiri ndi womvera ayenera kupanga makona atatu ofanana mbali zonse, ndiye kuti womvera akakhala mamita atatu kucokera pa masipika, naonso atalikirane mamita atatu. TV ya mainchi 32 ndi yotambalala masentimita 71 okha, ndipo ya mainchi 55 ndi masentimita pafupifupi 122. Munthu wokhala mamita atatu kucokera pa TV yotere amamva ngati mau onse akucokera pa malo amodzi. Pa nyimbo, kwaya ndi mpira, masipika awiri abwino oikidwa motalikirana nthawi zambiri amaposa soundbar ya mtengo wofanana.

Home theatre ya masipika asanu ndi subwoofer ndiyo imatulutsa filimu monga mmene anaikonzera, mau a kumbuyo akucokeradi kumbuyo. Phindu lake limaoneka pokhapokha masipikawo aikidwa m'malo ao ndiponso pulogalamuyo iri ndi mau a 5.1. Kawirikawiri timaona masipika onse asanu ataunjikidwa pa shelefu imodzi pambali pa TV, ndipo pamenepo ndalama ya masipika a kumbuyo yapita pacabe. Nkhani ndi mapulogalamu ambiri a tsiku ndi tsiku amabwera ndi mau a njira imodzi kapena ziwiri basi. Dolby Atmos, imene inayamba m'mafilimu mu 2012, imaonjezera mau ocokera pamwamba. Ma soundbar ena amayesa kucita zimenezi mwa kuponya mau ku siling'i kuti abwerere pansi, zimene zimafuna siling'i yosalala ndi yosatalika kwambiri. M'nyumba ya malata yopanda siling'i njira imeneyi sigwira bwino.

Mawati olembedwa pa katoni

Pano ndi pamene ogula ambiri amapusitsidwa. Pa makatoni a masipika ena pamalembedwa manambala aakulu monga mawati 2,000 kapena 5,000, pambali pake pali zilembo zakuti PMPO. Muyeso umenewu ulibe lamulo limodzi loutsatira, ndipo wopanga aliyense amauwerengera mmene afunira. Muyeso wodalirika ndi umene umalembedwa kuti RMS, wosonyeza mphamvu imene ampulifaya ingatulutse mosalekeza. Boma la America linakhazikitsa lamulo mu 1974 lokakamiza ogulitsa ma ampulifaya kuchula mphamvu yosalekezayi, kamba ka cinyengo ca mtundu womwewu. Wogula angadziteteze mwa kuwerenga kacikwangwani ka kumbuyo kwa cipangizo kosonyeza magetsi amene cimadya. Cipangizo cimene cimadya mawati 40 sicingatulutse mawati 2,000 mosalekeza.

Ngakhale mawati enieni sanena zonse. Kuwirikiza mawati kawiri kumangoonjezera ma decibel atatu, kusiyana kumene khutu limakumva pang'ono cabe. Kuti mau amveke ngati akula kawiri pamafunika ma decibel pafupifupi 10, ndiye kuti mawati owirikiza kakhumi. Sipika yaikulu yopangidwa bwino ya mawati 20 ingamveke mokweza ndi momveka bwino kuposa yaing'ono ya mawati 50. Njira yabwino yoyesera m'sitolo ndi kupempha kuti aike pulogalamu ya munthu wolankhula, pa voliyumu ya pansi. Ogulitsa amakonda kuika nyimbo ya besi yambiri mokweza, ndipo pamenepo sipika iriyonse imaoneka ngati ngwazi.

Kulumikiza

Njira yosavuta pa TV zatsopano ndi nthambo ya HDMI yolowetsedwa pa kabowo kolembedwa ARC. Njira ya ARC inayamba mu 2009, ndipo eARC, imene imanyamula mau oculukirapo, inabwera mu 2017. Ubwino wake ndi wakuti limoti ya TV imathanso kukweza ndi kutsitsa voliyumu ya soundbar. Nthambo ya optical, imene kampani ya Toshiba inayamba nayo mu 1983, imanyamula mau ndi kuwala ndipo imagwira bwino pa stereo ndi pa Dolby Digital. Ngati ampulifaya yangokhala cete kapena ikutulutsa phokoso lacilendo pambuyo polumikiza, kawirikawiri mankhwala ake ndi kusankha PCM pa mndandanda wa zosintha mau m'TV.

Wailesi yakale yopanda HDMI ingalumikizidwe ndi nthambo ija ya mitu iwiri, wofiira ndi woyera, kucokera pa dikoda kapena pa kabowo ka mahedifoni ka TV, kupita pamene palembedwa AUX kapena LINE IN. Pamene palembedwa PHONO mpa galamafoni, ndipo mau a TV akalowetsedwa pamenepo amasweka. Bluetooth imacotsa nthambo koma imacedwetsa mau. Malinga ndi muyeso wa bungwe la ITU, oonera amayamba kuzindikira kusagwirizana kwa milomo ndi mau ngati mau acedwa ndi mamilisekondi pafupifupi 125 kapena afulumira ndi 45, ndipo zipangizo zambiri za Bluetooth zimacedwa kufika pamenepo kapena kupitirira.

Cipinda, magetsi ndi makutu

Cipinda naco ndi mbali ya sipika. Pansi pa simenti kapena pa matailosi, zipupa zopanda kanthu ndi denga la malata zimabweza mau, ndipo mau obwererawo amaphimba timau tofooka tija timene timasiyanitsa liu ndi linzake. Makatani okhuthala, kapeti kapena mphasa, mipando ya nsalu ndi shelefu ya mabuku zimameza mau obwerera, ndipo nthawi zina zimathandiza kuposa kugula cipangizo catsopano. TV ya masipika oyang'ana pansi imamveka bwino ikakhala pa thebulo louma lopanda nsalu yoyala, ndipo siyenera kukankhidwira mkati mwa kabati. Subwoofer ikaikidwa pa ngodya ya cipinda besi imakula, koma imakhala yosokosa ndipo imadutsa cipupa kukafika kwa anansi.

Asanatulutse ndalama, mwini TV ayambe wayesa zosintha mau zimene ziri kale m'TV yake. TV zambiri ziri ndi cosankha ca zolankhula, colembedwa Speech, Clear Voice kapena News malinga ndi kampani, ndi cina ca usiku cimene cimatsitsa phokoso lalikulu ndi kukweza mau a pansi. Kuzimitsa cosankha ca surround yongoyerekeza kumathandizanso kuti liu la wolankhula lisamwazike.

Magetsi ndi mfundo ina yoiganizira. M'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, nyumba zambiri m'Zambia zinayamba kudalira sola ndi mabatire. Ampulifaya yaikulu ya home theatre imadya magetsi ambiri kuposa soundbar, ndipo ma ampulifaya a mtundu wakale amataya gawo lalikulu la magetsi monga kutentha ngakhale akuimba motsitsa. A mtundu wochedwa Class D, amene ali m'ma soundbar ambiri, amataya ocepa. Kulira kosalekeza kwa mmm kumene kumamveka m'masipika ena kumacokera ku magetsi a m'nyumba, amene kuno amasinthasintha ka 50 pa sekondi. Kawirikawiri kumacepa TV, dikoda ndi ampulifaya zikalumikizidwa pa soketi imodzi. Ma inverter ochipa amene satulutsa magetsi osalala naonso amabweretsa kulira kwa mtundu umenewu.

Masipika aakulu amatha kufika pa phokoso limene masipika a TV sangafikepo, ndipo cifukwa mau ake ndi oyera, munthu sazindikira msanga kuti wakweza mopitirira. WHO imalangiza kuti wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera phokoso la ma decibel 80, ndipo kwa ana muyeso wake ndi ma decibel 75. Phokoso likakwera ndi ma decibel atatu okha, nthawi yololedwa imatsika ndi theka. Ngati anthu awiri okhala pa mpando umodzi ayamba kufuula kuti amvane, voliyumu yadutsa kale pa muyeso umenewu.